MBIRI YA AL-JABR: MMENE ANTHU ANAPHUNZIRIRA KUPEZA NAMBALA ZOBISIKA



Tikuyamika Allah Subhanahu wa Ta'ala amene anamupatsa munthu nzeru zowerengera, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu olemekezeka, ana athu akafika ku sekondale amakumana ndi masamu okhala ndi zilembo, makamaka x ndi y, amene aphunzitsi amawatcha simultaneous equations. Ana ambiri amawaopa masamuwa, ndipo ife makolo tikasuzumira m'kope timadabwa kuti zilembo zikufunanji pakati pa manambala. Timamvanso ena akunena kuti zimenezi ndi nzeru za Azungu zimene sizingathandize mwana wa msodzi kapena wa mlimi. Patsamba la mbiri lino tafuna kuti tione kumene masamuwa anachokera, anthu amene anawasula, ndi chifukwa chimene ma ulama akale ankawaphunzitsira pamodzi ndi fiqh.

Funso lake ndi lotani?

Tiyambe ndi chitsanzo cha padoko, ndipo mitengo yake ndi yongoyerekeza. Amayi awiri a geni afika m'mawa kwa msodzi mmodzi. Woyamba wagula ndowa 3 za usipa ndi ndowa 2 za utaka, nalipira K120,000. Wachiwiri wagula ndowa 2 za usipa ndi ndowa 1 ya utaka, nalipira K70,000. Kodi ndowa ya usipa inali ndalama zingati, nanga ya utaka?

Zobisika zilipo ziwiri, ndipo nkhani zimene tauzidwa ziliponso ziwiri. Tiganize kuti mayi wachiwiri uja anagula kawiri katundu yemweyo. Akadatenga ndowa 4 za usipa ndi 2 za utaka pa K140,000. Tsopano utaka wa amayi onse awiri wafanana, ndowa ziwiriziwiri. Akusiyana ndowa imodzi ya usipa basi, ndipo ndalama zawo zikusiyana ndi K20,000. Umenewo ndiye mtengo wa usipa. Ndowa 2 za usipa ndi K40,000, choncho K30,000 yotsala pa K70,000 ija ndi ya utaka.

Chimene tachita apa ndi kuchulukitsa nkhani imodzi mpaka chobisika chimodzi chifanane mbali zonse, kenako n'kuchichotsa kuti titsale ndi chimodzi chokha. Mwana wa kusukulu amalemba 3x + 2y = 120,000 ndi 2x + y = 70,000, koma njira yake ndi yomweyi. Njira imeneyi ili ndi mbiri yaitali kwambiri.

Ku Babulo ndi ku China

M'dziko limene lero tikulitcha Iraq, zaka pafupifupi 1,800 Mneneri Isa (A.S.) asanabadwe, alembi a ku Babulo ankalemba masamu pa timapale tadothi. Phale lina limene likusungidwa ku Berlin likukamba za minda iwiri imene kukula kwake pamodzi ndi miyeso 1,800. Munda woyamba umapereka 2/3 ya mbale ya mbewu pa muyeso uliwonse, wachiwiri umapereka theka la mbale, ndipo woyamba waposa mnzake ndi mbale 500. Mlembi anayamba ndi kugawa pakati, 900 uku 900 uku. Anapeza kuti kusiyana kwa zokolola ndi mbale 150 zokha, kuperewera 350. Kenako anawerenga malo oyenera kusamutsidwa kuchokera kumunda wachiwiri kupita kuwoyamba kuti kuperewerako kuthe, napeza 300. Minda ija inali 1,200 ndi 600.

Amene anaika njirayi m'dongosolo lokwanira ndi anthu a ku China. Buku lawo lotchedwa Jiuzhang Suanshu, kutanthauza mitu isanu ndi inayi ya luso la masamu, linasonkhanitsidwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo katswiri wina dzina lake Liu Hui analilembera ndemanga m'chaka cha 263. Mutu wa 8 wa bukuli uli ndi mafunso 18 a mtundu umenewu. Loyamba likukhudza mitolo ya mbewu ya magulu atatu. Mitolo 3 yabwino, 2 yapakati ndi 1 wotsika zikupereka miyeso 39. Mitolo 2 yabwino, 3 yapakati ndi 1 wotsika zikupereka 34. Mtolo 1 wabwino, 2 yapakati ndi 3 yotsika zikupereka 26. Yankho ndi lakuti mtolo wabwino umapereka miyeso 9¼, wapakati 4¼, wotsika 2¾.

Iwo ankayala timitengo towerengera m'mizere pa thabwa, n'kumachulukitsa mzere wina ndi kuchotsera ku unzake mpaka chobisika chimodzi chitatsala. Pochotsapo nthawi zina nambala inkatsika kupyola pa ziro, ndipo anaphunzira kugwira nambala zoterozo ngati ngongole. Liu Hui anafotokoza kuti timitengo tofiira tinkaimira zimene munthu ali nazo, takuda tinkaimira zimene akusowa. Tikunena zimenezi poyera chifukwa Msilamu amapereka ulemu kwa mwini wake: njira yochotsa zobisika mmodzimmodzi inalembedwa ku China zaka mazana ambiri Baghdad isanamangidwe.

Baghdad ndi buku la al-Khwarizmi

Mzinda wa Baghdad unakhazikitsidwa ndi Khalifa al-Mansur m'chaka cha 762. Pasanathe zaka makumi ambiri, mapepala anayamba kupangidwa mumzindamo, mabuku anachuluka, ndipo zolemba za Agiriki, Aperezi ndi Amwenye zinamasuliridwa m'Chiarabu. Pantchitoyi panali Asilamu, Akhristu ndi Ayuda. Mwachitsanzo, amene anamasulira buku la masamu la Diophantus kuchokera m'Chigiriki anali Mkhristu, Qusta ibn Luqa.

M'nthawi ya Khalifa al-Ma'mun, amene analamulira kuyambira 813 mpaka 833, ku Baghdad kunali Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi. Dzina lakelo likuloza dera la Khwarazm, kumwera kwa nyanja ya Aral, limene lero lili m'maiko a Uzbekistan ndi Turkmenistan. Cha m'ma 820 iye analemba buku lotchedwa Al-Kitab al-Mukhtasar fi Hisab al-Jabr wal-Muqabala. M'mawu oyamba anafotokoza kuti cholinga chake ndi kuthandiza anthu pa zimene amakumana nazo masiku onse: kugawa chuma cha masiye, mawasiya, milandu, malonda, kuyeza minda ndi kukumba ngalande.

Liwu lakuti jabr si lachilendo kwa amene anapita ku madrasa. Pophunzira za wudhu timamva za jabira, chomangira chimene chimaikidwa pa fupa lothyoka. Jabr ndi kulumikiza chothyoka, kubwezeretsa chimene chaperewera. Tsinde lake ndi lomwelo la dzina la Allah lakuti Al-Jabbar. M'masamu tanthauzo lake ndi ili: ngati chinthu chitachotsedwako 3 chikufanana ndi 7, bwezerani 3 uja mbali zonse ziwiri, ndipo chinthucho ndi 10. Muqabala ndi kuyang'anizanitsa mbali ziwiri ndi kuchotsa zofanana. Ngati zinthu 5 ndi madirhamu 2 zikufanana ndi zinthu 3 ndi madirhamu 10, chotsani zinthu 3 ndi madirhamu 2 uku ndi uku. Zitsala zinthu 2 zofanana ndi madirhamu 8, ndiye kuti chimodzi ndi 4. Equation ili ngati sikelo ya wamalonda woopa Allah: chimene waika kapena kuchotsa mbali imodzi, uchitenso mbali inayo.

Al-Khwarizmi sanagwiritse ntchito zizindikiro. Zonse analemba m'mawu, ndipo chobisika ankachitcha shay', kutanthauza chinthu. Ukulu wa ntchito yake uli pakuti anasanja mafunso onse m'magulu asanu ndi limodzi, napereka njira ya gulu lililonse, kotero kuti wophunzira sankafunikanso kuloweza funso lililonse palokha. Apa ndi pamene al-jabr inakhala phunziro loima palokha, lokhala ndi dzina lake.

Chifukwa chimene ma ulama anafunira masamuwa

Pafupifupi theka la buku la al-Khwarizmi likukamba za mawasiya ndi chuma cha masiye. Zimenezi sizodabwitsa. Mu Surat an-Nisa, ndime ya 11, ya 12 ndi ya 176, magawo a olowa chuma anaikidwa ndi manambala enieni: theka, 1/4, 1/8, 2/3, 1/3 ndi 1/6. Phunziro la magawowa ndi limene timalitcha faraidh, ndipo mwa maswahaba amene anatchuka nalo ndi Zaid ibn Thabit (R.A.).

Mabuku a fiqh amasimba za mlandu umene unafika kwa Khalifa Umar (R.A.). Mayi anamwalira wopanda mwana, nasiya mwamuna ndi achemwali ake awiri. Mwamuna gawo lake ndi theka, achemwali awiriwo 2/3. Tikazisandutsa magawo a 6, mwamuna akutenga 3, achemwali 4, zonse pamodzi 7, pamene chuma chili ndi magawo 6 okha. Atafunsana ndi maswahaba, chumacho chinagawidwa magawo 7, kuti kuchepako kugwere aliyense molingana ndi gawo lake. Chigamulochi chimatchedwa awl. Pa chuma cha K700,000, mwamuna angalandire K300,000, achemwali K400,000. Qadhi wosadziwa kuwerenga sakadautha mlandu umenewu popanda kupondereza wina.

Al-Khwarizmi anapereka funso lina lovutirapo. Bambo wamwalira nasiya ana aamuna awiri, ndipo analamula kuti 1/3 ya chuma chake ipite kwa munthu wapadera. Ndalama zimene zilipo ndi madirhamu 10, ndipo mmodzi mwa anawo anakongola kwa bambo ake madirhamu enanso 10. Gawo la mwana wangongoleyo lichokera m'ngongole yake momwemo, ndiye tilitche chinthu. Chuma chogawidwa ndi 10 kuphatikiza chinthucho, ndipo chikugawidwa patatu mofanana. Choncho zinthu 3 zikufanana ndi 10 ndi chinthu chimodzi. Tikachita muqabala zitsala zinthu 2 zofanana ndi 10, ndipo chinthucho ndi 5. Wapadera uja atenga 5, mwana wopanda ngongole 5, ndipo wangongole awerengeredwa 5 pa ngongole yake.

Tibwere kwathu. Bambo wasiya ana aamuna 2 ndi aakazi 3, mkazi wake ndi makolo ake anatsogola kale. Atalipira za maliro ndi ngongole zatsala K1,400,000. Gawo la mwana wamwamuna tilitche x, la wamkazi y. Tikudziwa zinthu ziwiri: 2x + 3y = 1,400,000, ndiponso x = 2y. Tikaika 2y m'malo mwa x, tipeza 7y = 1,400,000. Wamkazi aliyense alandira K200,000, wamwamuna K400,000. Iyi ndi njira yachiwiri imene ana amaphunzira kusukulu, yolowetsa chobisika china m'malo mwa chinzake. Mwana amene akuchita homuweki yake madzulo akuchita zimene Sheikh amachita pabwalo la chuma cha masiye.

Abu Kamil ndi mbalame zake

Amene anapitiriza ntchitoyi ndi Abu Kamil Shuja ibn Aslam wa ku Egypt, amene anakhala ndi moyo cha pakati pa 850 ndi 930. Iye analemba kabuku ka mafunso a zobisika zingapo, kamene kamadziwika ndi nkhani zogula mbalame. Funso lina ndi lakuti munthu agule mbalame 100 ndi madirhamu 100. Bakha mmodzi ndi madirhamu 5, mpheta 20 ndi dirhamu imodzi, nkhuku imodzi ndi dirhamu imodzi. Apa zobisika ndi zitatu koma nkhani ndi ziwiri zokha, chiwerengero cha mbalame ndi chiwerengero cha ndalama. Chimene chikuthandiza n'chakuti palibe amene amagula theka la bakha wamoyo. Yankho ndi abakha 19, mpheta 80 ndi nkhuku imodzi. Werengani nokha: 95, 4 ndi 1 zikukwana madirhamu 100. Pa funso lina la mitundu isanu ya mbalame, Abu Kamil anawerenga napeza mayankho oposa 2,600, onse olondola.

Patapita zaka kunabwera al-Samaw'al, amene anabadwira ku Baghdad cha m'ma 1130 m'banja la Chiyuda ndipo analowa Chisilamu mu 1163. Ali ndi zaka 19 analemba buku lotchedwa Al-Bahir. M'menemo anakamba funso la zobisika 10 lokhala ndi ma equation 210, nasonyeza kuti nkhani zikachuluka chonchi pamafunika kuona ngati sizikutsutsana.

Mfundo imeneyi ndi yofunika, ndipo ana amaiphunziranso. Tibwerere padoko paja. Mayi wachiwiri akadagula ndowa 6 za usipa ndi 4 za utaka pa K240,000, sakadatiuza chatsopano, chifukwa wangobwereza kawiri nkhani ya mnzake, ndipo mitengo yambiri ikadagwirizana ndi zimenezo. Akadati walipira K250,000 pa katundu yemweyo, pasakadapezeka yankho lililonse. Pamenepo tikadadziwa kuti wina waiwala, wanama, kapena wadyeredwa masuku pamutu. Choncho mafunsowa amatha m'njira zitatu: yankho limodzi, mayankho ambiri, kapena kusowa yankho. Zili ngati mboni ziwiri pamlandu. Mboni yachiwiri imathandiza ikabweretsa chimene yoyamba sinanene, popanda kuitsutsa.

Ulendo wa ku Ulaya

M'chaka cha 1145 Mngelezi wina, Robert of Chester, anamasulira buku la al-Khwarizmi m'Chilatini ali ku Segovia m'dziko la Spain. Al-jabr inasanduka algebra. Dzina la mlembiyo linalembedwa kuti Algoritmi, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera liwu lakuti algorithm, limene akatswiri a makompyuta amatchulira ndondomeko ya masitepe othetsera funso.

Leonardo wa ku Pisa, amene amadziwika kuti Fibonacci, anaphunzira manambala a Chimwenye ndi Chiarabu ali mnyamata mumzinda wa Bugia, umene lero ndi Béjaïa ku Algeria, kumene bambo ake ankagwira ntchito pakati pa amalonda. Buku lake, Liber Abaci, linatuluka mu 1202. M'menemo muli njira imene Aluya ankaitcha hisab al-khata'ain, kuwerengera ndi zolakwa ziwiri: umayesa nambala ina n'kuona kuphonya kwake, umayesanso ina, ndipo kuchokera pa kuphonya kuwiriko umapeza yolondola. Fibonacci anasunga dzina lake la Chiarabu, nalilemba kuti elchataym. Anatenganso mafunso ena kwa Abu Kamil.

Zizindikiro zinabwera pang'onopang'ono. Ku Andalus, al-Qalasadi, amene anamwalira mu 1486 ndipo analinso katswiri wa faraidh, ankalemba zilembo za Chiarabu m'malo mwa mawu athunthu, monga shin poimira shay'. Chizindikiro cha mizere iwiri chosonyeza kufanana anachiyambitsa Robert Recorde wa ku Wales mu 1557. Chizolowezi cholemba x, y ndi z poimira zobisika chinachokera kwa René Descartes wa ku France mu 1637. Seki Takakazu wa ku Japan mu 1683 ndi Gabriel Cramer wa ku Geneva mu 1750 anapeza njira zina zopezera mayankho kuchokera pa manambala a m'mizere. Mu 1810 Carl Friedrich Gauss wa ku Germany anagwiritsa ntchito njira yochotsa zobisika pofufuza msewu wa Pallas, thanthwe lalikulu loyenda mumlengalenga mozungulira dzuwa. Pambuyo pake njirayo inatchedwa ndi dzina lake, ngakhale kuti anthu a ku China anali ataiyala pa thabwa zaka mazana ambiri iye asanabadwe. Lero makompyuta amaigwiritsa ntchito pa zobisika zikwizikwi, monga poyeza mphamvu ya milatho ndi kayendedwe ka magetsi m'mawaya.

Phunziro lathu

Abale ndi alongo athu, mbiriyi ikutisonyeza kuti masamuwa alibe mtundu. Mbabulo anayamba, Mtchaina anakonza, Msilamu wa ku Baghdad ndi wa ku Egypt anawapatsa dzina ndi dongosolo, Mzungu anawonjezera zizindikiro, ndipo aliyense analandira kwa mnzake mosachita manyazi. Tisadzitame mopyola choonadi kuti zonse zinachokera kwa ife. Komanso tisalole kuti mwana wathu auzidwe kuti phunziro lokhala ndi dzina la Chiarabu, limene theka la buku lake loyamba likukamba za chuma cha masiye, ndi lachilendo kwa iye.

Tikudziwa kuti m'nthawi ya atsamunda makolo athu ambiri a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota anakana kutumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akasiya Deen yawo. Mantha awo anali ndi chifukwa, ndipo Allah awalipire pa kusunga kwawo Chisilamu. Koma mtengo wake tinaulipira, pakuti madera athu anatsalira pa maphunziro kwa zaka zambiri. Kuyambira mu 1994 sukulu za pulayimale za boma zinakhala zaulere, ndipo mwana angathe kupita kusukulu m'mawa, ku madrasa masana. Chowiringula chija chinatha.

Taganizaninso za amayi amasiye ndi ana amasiye m'midzi yathu. Kangati tamva kuti ngalawa, injini ndi chilimira zapita ndi achibale amphamvu, ana a malemu n'kutsala manja ali m'khosi? Lamulo la dziko lino la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda kotereku, ndipo Shariah inakuletsa kalekale. Koma ngakhale pamene anthu ali ndi mtima wabwino, chilungamo chimafuna munthu wodziwa kuwerenga magawo, kuchotsa ngongole ndi kusunga wasiya m'malire a 1/3. Mtsikana amene akudziwa kuti 7y = 1,400,000 ikutanthauza K200,000 yake, n'kovuta kumunamiza pabwalo.

Choncho tikupempha makolo kuti mwana akabwera ndi kope la masamu tisamutume kunyanja kapena kumsika asanamalize. Ngakhale ife eni sitinaphunzire, timupatse mtengo wa zimene tagula kawiri, atipezere yekha mtengo wa chimodzichimodzi. Tikupemphanso aphunzitsi a madrasa kuti pophunzitsa faraidh azilemba manambala pabolodi ndi kuwauza ana dzina la al-Khwarizmi ndi la Abu Kamil, kuti akakumana ndi x ndi y m'kalasi adzazindikire kuti ndi shay' yemwe uja wavala chovala china.

Tikupempha Allah kuti atipatse maphunziro othandiza, ife ndi ana athu, atiteteze ku kudya chuma cha masiye, ndipo sikelo zathu zikhale zolungama pano padziko ndi pa Tsiku la Chiweruzo. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.